Kiliniki ya khungu ku Joni: mtengo ndi wowawa, koma ndi kumene anawavula malume sokosi

Kiliniki imene ndikukamba ili kumpoto kwa Johannesburg, mu nyumba zija zodzaza madokotala, wa mano pansi, wa maso pamwamba. Dzina sinditchula chifukwa malume akupitabe kumeneko, ndipo zina zimene ndilembe pano eni ake sangakondwe nazo. Pa ntchito yopeza matenda ndi kumufotokozera wodwala, sindinaonepo malo oposa amenewa, kuno ngakhale kumudzi. Pa nkhani ya ndalama, ndi pa kasamalidwe ka munthu wa malipiro ochepa amene Chingerezi chimamuvuta, ali ndi zambiri zoti akonze.

Malume ndi mlongo wa mayi anga, ndipo ndi amene ananditengera kuno. Amasamalira kapinga ndi maluwa pa nyumba ina ku Randburg, ndipo kale tsiku lonse ankakhala m'magambuti. Ine ndimaluka tsitsi ndi kukonza zikhadabo mu saluni, choncho mapazi a anthu ndimawaona tsiku ndi tsiku, a ming'alu, a njerewere, a mafangasi. Chimene chinali pachidendene chawo chakumanzere sichinali chimodzi mwa zimenezi. Kanali kadontho kakuda kuposa khungu lozungulira, kwina kofiirira, m'mphepete mwake mosalongosoka. Iwo amati anaponda msomali kalekale ndiye magazi anaundana. Koma magazi oundana amatha okha khungu likamasinthika, pamene aka kanangokulirakulira kwa chaka chathunthu, osapweteka, osayabwa. Ku kiliniki ya m'dera anawapatsa mafuta opaka a mafangasi. Abwana awo, mayi wachikulire amene anachotsedwapo timadontho pamsana, atakaona anangotipatsa nambala ya foni n'kulonjeza kuti athandiza kulipira.

Kupeza malo kunali kovuta poyamba. Mtsikana wa pa resepishoni anati dokotala ndi wodzaza mpaka miyezi iwiri ikubwerayi. Nditamufotokozera kuti ndi kadontho kakuda pansi pa phazi kamene kakukula ndi kusintha maonekedwe, anati nditumize chithunzi pa WhatsApp, ndipo madzulo omwewo anatiimbira kuti tibwere sabata yomweyo. Ndiye mukamaimba musamangoti mukufuna kuonana ndi dokotala wa khungu, akuikani pamzere umodzi ndi ofuna kuchotsa ziphuphu. Nenani chimene chavuta.

Chipinda chodikirira ndi chaukhondo, mipando yofewa, khofi waulere. Pa shelefu pali mafuta ochotsa makwinya ndi mafuta oteteza ku dzuwa okhala ndi chizindikiro cha CANSA, bungwe lolimbana ndi khansa la dziko lino. Pakhoma pali zithunzi zophunzitsa za melanoma, khansa ya pakhungu, koma zonse ndi misana, mapewa ndi nkhope za azungu. Malume ataziyang'ana anandinong'oneza kuti, "Mwana wanga, matenda awa si adzuwa kodi? Ife zikutikhudza pati? Tingowononga ndalama za abwana." Ndipo munthu ukamaona zithunzi zokhazo sungawatsutse. Apa ndi pamene ndikuipatsa kilinikiyi mlandu woyamba. Ili mu mzinda umene anthu ambiri ndi akuda, koma pakhoma palibe phazi lakuda ngakhale limodzi.

Funso la malume lili ndi yankho, ndipo adokotala analiyankha bwino titalowa. Melanoma ndi khansa yoyambira mu timaselo timene timapanga mtundu wa khungu. Mwa azungu, nthawi zambiri imabwera chifukwa chopsa ndi dzuwa, ndipo imawagwira kwambiri kuposa ife. Koma pali mtundu wina, acral lentiginous melanoma, umene umamera pansi pa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo amene dzuwa silifikako kwenikweni. Umenewu susankha mtundu wa munthu, ndipo mwa anthu akuda ndi umene umapezeka kwambiri. Vuto ndi loti timaupeza mochedwa, utalowa kale pansi, chifukwa ndani amadziyang'ana kuphazi, ndiponso ndani amaganiza za khansa akaona kadontho pachidendene cha munthu wolima?

Adokotala ndi mayi wa zaka zapakati, wosathamanga. Sanayambe ndi chidendene chodwalacho. Anawauza malume kuti avule nsapato ndi sokosi zonse ziwiri, n'kuyang'ana phazi lililonse, pakati pa zala, zikhadabo chimodzichimodzi, zikhatho, m'mutu, m'kamwa. Kenako anapapasa kuseri kwa bondo ndi m'mphechepeche kufuna kumva ngati muli mwanabere. Malume anachita manyazi pang'ono, ine ndinatuluka kaye, koma ichi ndi chimene ndingauze aliyense kuti ayesere nacho dokotala wa khungu. Ngati mwatuluka m'chipinda mwake sokosi zili kumapazi, sanakuyezeni.

Anatulutsa kachipangizo kokhala ndi galasi lokuza ndi nyali, kamene amakatcha dermatoscope, n'kukagunditsa pakhungu. Chithunzi chinaoneka pa kompyuta ndipo anatiitana tonse kuti tione. Khungu la kuphazi lili ndi timizere ngati ta pa chala chodindira. Ndinawamasulira malume kuti zili ngati munda wa mizere: mtundu wakuda ukakhala m'munsi, pakati pa mzere ndi mzere, nthawi zambiri ndi kadontho wamba, koma ukakwera pamwamba pa mizere, dokotala amada nkhawa. Pa malume unali pamwamba pa mizere, ndipo ngakhale ine ndinatha kuona. Adokotala anafulumira kunena kuti anthu akuda ambiri ali ndi timadontho kuphazi ndi timizere takuda m'zikhadabo topanda vuto lililonse, choncho si kuti aliyense athamangire kuchipatala. Chodetsa nkhawa ndi mzere umene uli pa chikhadabo chimodzi chokha, ukukula m'lifupi, mtundu wake ukufalikira pakhungu la m'munsi mwa chikhadabo, kapena chikhadabocho chikusweka popanda chifukwa. Zimenezi zandisinthira ntchito. Masiku ano ndikachotsa polishi wakale pa kasitomala ndimayang'ana kaye ndisanapake wina, ndipo amayi amene mukupita kukayezetsa khungu, chotsani polishi ndi zikhadabo zomata musananyamuke.

Malume anali asanakhutirebe. Amafuna mankhwala opaka, azipita kuntchito. Adokotala anawafunsa ngati amamudziwa Bob Marley. Munthu wa msinkhu wawo, wokulira pa wailesi, angalephere bwanji? Anawauza kuti mu 1977 anamupeza ndi khansa yomweyi pansi pa chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi, ambiri akuganiza kuti ndi bala la mpira. Anakana kudulidwa chalacho, matenda anafika m'mapapo ndi mu ubongo, ndipo anamwalira mu May 1981 ali ndi zaka 36. Malume anakhala chete, kenako anati, "Adokotala, dulani mukayeze."

Kudula kachidutswa kokayeza kunachitika tsiku lomwelo, m'kachipinda ka pambali. Ndinene zoona, jakisoni wochititsa dzanzi pansi pa phazi amapweteka kwambiri, malume amene sindinawamvepo akubuula anagwira m'mphepete mwa bedi. Dzanzi litagwira zonse zinayenda mofulumira, anasoka n'kumanga bandeji. Nesi wake ndi waulemu, amalankhula Chizulu, ndipo malume anamasuka naye kuposa wina aliyense pamalopo.

Zotsatira zinatuluka patapita sabata ndi masiku angapo. Sanatiuze pafoni, anatiitana. Adokotala anatenga pepala n'kujambula khungu ngati lodulidwa pakati, n'kutionetsa kuti chofunika kwambiri si kukula kwa kadontho pamwamba, koma kuya kwake. Muyeso umenewu anauyambitsa Alexander Breslow, katswiri woyeza minofu wa ku America, mu 1970, ndipo mpaka lero ndi umene umatsogolera chilichonse. Khansa yosapitirira milimita 1 kuya kwake, yosachita chilonda, ikachotsedwa bwino anthu ochuluka zedi amachira. Ikapitirira mamilimita 4, mwayi woti yafalikira kale umakula kwambiri. Ya malume inali 1.6, yopanda chilonda. Kusiyana kwa kuchira ndi kusachira kuli mu timamilimita timene pa rula sutiona bwinobwino, ndipo ndi chifukwa chake chaka chija chopaka mafuta a mafangasi chimandiwawa mpaka lero.

Kuchokera apa anatitumiza kwa dokotala wa opaleshoni pa chipatala choyandikana. Chithandizo chenicheni cha melanoma imene sinafalikire ndi mpeni. Amachotsa kadontho konse pamodzi ndi khungu labwinobwino lozungulira, sentimita 1 ngati ndi yosaya, mpaka masentimita 2 ngati yalowa kwambiri. Pamsana zimenezi ndi zosavuta, amangokoka khungu n'kusoka. Pachidendene palibe khungu lokoka, ndiye anasenda khungu pantchafu n'kukamata pabalapo.

Pa opaleshoni yomweyo anachitanso china chimene sindinkachidziwa. Khansa imeneyi ikayamba ulendo, imadutsa kaye mu anabere a pafupi, kwa phazi ndiye kuti a m'mphechepeche kapena kuseri kwa bondo. M'malo mochotsa onse, amabaya pafupi ndi kadontho mankhwala owala pa makina ndi utoto wa buluu, n'kutsatira kuti zikafikira mwa mwanabere uti poyamba. Amachotsa yekhayo n'kukamuyeza. Njira imeneyi anaiyambitsa Donald Morton ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Palibe amene anawachenjeza malume kuti utotowo umatuluka mu mkodzo, ndiye usiku woyamba anandiimbira ali ndi mantha kuti akukodza zobiriwira. Lero timaseka, koma usiku umenewo sizinali zoseketsa, ndipo mawu awiri okha akanakwana kuwachotsa manthawo. Mwanabereyo anapezeka woyera.

Kuchira ndi kumene kunatenga nthawi. Kwa masabata ambiri sankaponda chidendenecho, amayenda ndi ndodo ziwiri, ndipo nyumba imene amachita lendi ili ndi masitepe. Pantchafu pamene anasenda khungu pamapweteka kuposa pachidendene. M'mphechepeche munasonkhana madzi amene nesi amachita kukoka ndi jakisoni. Khungu lomatalo ndi lopyapyala, silimva bwino kukhudza, ndipo limang'ambika msanga akaima nthawi yaitali, moti magambuti anawasiya, amavala nsapato zofewa zokhala ndi kapilo m'kati. Munthu wogwira ntchito ya manja akagona mwezi ndi kupitirira, kumudzi ndalama sipita, ana asukulu amadikira fizi. Zimenezi pa kiliniki palibe amene anazifunsa. Anatipatsa pepala lonena kuti wodwala apume, akweze mwendo pa pilo, ngati kuti aliyense ali ndi tchuthi cholipidwa. Mwayi wa malume ndi woti abwana awo anawasungira ntchito.

Ndinawafunsa adokotala kuti zikanatheka bwanji mwanabereyo akanapezeka ndi khansa, kapena ikadzabwerera. Anandiyankha mosabisa, ndipo ndinawalemekeza pa chimenecho. Melanoma ikafalikira imakonda mapapo, chiwindi, ubongo ndi mafupa. Kale kunali dacarbazine, mankhwala a kemo amene amathandiza ochepa. Zinthu zinasintha kuyambira 2011 pamene ku America anavomereza ipilimumab, ndipo mu 2014 panabwera pembrolizumab ndi nivolumab. Amenewa sapha khansa okha, amamasula chitetezo cha m'thupi kuti chiizindikire ndi kulimbana nayo. James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha kafukufuku wotsegula njira imeneyi. Jimmy Carter, pulezidenti wakale wa America, anamupeza ndi melanoma m'chiwindi ndi mu ubongo mu 2015 ali ndi zaka 90, analandira opaleshoni, chithandizo cha cheza ndi pembrolizumab, ndipo anakhala ndi moyo mpaka zaka 100. Pembrolizumab amalowa pa diripi masabata atatu kapena asanu ndi limodzi alionse, ndipo ali ndi zovuta zake, chifukwa chitetezo chomasulidwacho chimatha kuukira matumbo, mapapo kapena chithokomiro. Palinso mapiritsi, dabrafenib ndi trametinib, a anthu amene khansa yawo ili ndi kusintha kwa jini yotchedwa BRAF. Pafupifupi theka la melanoma ya pakhungu wamba ili nako kusinthako, koma ya kuphazi nthawi zambiri ilibe, ndipo ngakhale mankhwala a chitetezo aja sagwira bwino pa mtundu umenewu monga amachitira pa melanoma ya dzuwa. Bungwe la WHO linaika nivolumab ndi pembrolizumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019, koma mtengo wake kwa munthu wolipira m'thumba ndi wosayandikika. Adokotala atandiuza ndalama ya diripi imodzi sindinafunsenso funso lina. Kwa anthu ngati ife, mankhwala amene tingawakwanitse ndi mpeni uja, nthawi ikadalipo.

Tsopano ndalama, ndipo apa ndi pamene ndakwiya. Kuonana ndi adokotala koyamba kunadya pafupifupi malipiro a malume a sabata yonse. Zimenezo tinazidziwiratu ndipo sindidandaula, chifukwa ntchito inaoneka. Chimene sanatiuze ndi choti bilu siidzakhala imodzi. Kudula kachidutswa kuli ndi bilu yake. Labotale yoyeza inatumiza yake payokha pa SMS, ife tikuganiza kuti tamaliza. Pa opaleshoni panabwera ya dokotala wodula, ya wogonetsa tulo, ya chipatala, ya makina otsatira utoto aja, ndi ya labotale kachiwiri. Nditapempha pa resepishoni kuti andilembere chiyerekezo cha zonse pamodzi kuti ndikaonetse abwana ndi abale, anandiuza kuti iwo amadziwa za gawo lawo lokha. Malowa anakonzera anthu a medical aid, inshuwalansi ya chipatala, amene amangopereka khadi. Wolipira ndi ndalama m'manja amangozindikira zinthu zikumugwera. Tinamaliza ndi thandizo la abwana, chipereganyu cha ku saluni, ndi zopereka za anzathu a ku tchalitchi cha Amalawi. Mukapita, funsani mwachindunji kuti ndi anthu angati amene adzakutumizireni bilu, ndipo muimbire aliyense payekha musanasaine.

Chinanso ndi chilankhulo. Fomu yovomera opaleshoni inali ya masamba angapo, Chingerezi chachipatala, ndipo anangowapatsa malume cholembera. Ndikanapanda kukhalapo akanasaina osadziwa kuti akawasenda pantchafu. Sindikunena kuti alembe ntchito womasulira Chichewa, koma kumufunsa munthu kuti abwereze m'mawu ake zimene wamva sikudya ndalama. Adokotala a khungu amachita zimenezi, ena onse ayi. Musapite nokha, ndipo musamutumize mkulu yekha.

Ku kiliniki ya khungu ija anandinyengereranso kuti ineyo ndijambulitse thupi lonse pa makina amene amasunga zithunzi za timadontho kuti aziyerekeza chaka ndi chaka. Kwa abwana a malume, amene ali ndi timadontho tosawerengeka pamsana, makinawo ndi othandiza. Kwa ine, amene ndili ndi tiwiri, ndi kutaya ndalama. Adokotala eni ake anavomereza nditawafunsa, anati galasi la m'manja ndi foni yojambulira kuphazi kamodzi pa mwezi zindikwanira. Amene amakankhira zimenezi ndi a pa resepishoni. Mafuta a dzuwa a pa shelefu paja nawonso ndi okwera mtengo kuposa a ku famase, ndipo pa khansa ya kuphazi sateteza kanthu. Amene akuwafuna tsiku lililonse ndi abale athu achialubino, ngakhale iwo khansa imene imawavutitsa kwambiri ndi mtundu wina, squamous cell carcinoma, osati melanoma. Ndinagula botolo ku famase ndi chipewa chachikulu n'kutumizira mwana wa mnzanga ku Machinga.

Kodi ndingalimbikitse Mmalawi mnzanga kupita kumeneko? Pa kuonana koyamba ndi kuyeza kachidutswa, inde, ngakhale mutachita kukongola, chifukwa chimene mukugula ndi nthawi. Mukakhala ndi pepala la labotale m'manja, simuli okakamizidwa kupitiriza ku pulaiveti. Zipatala za boma monga Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Chris Hani Baragwanath zili ndi madokotala a khungu ndi a opaleshoni, ndipo adokotala athuwa anali okonzeka kulemba kalata yotitumiza kumeneko. Ife tinapitiriza ku pulaiveti chifukwa abwana anaumirira.

Malume tsopano amapita kukaonedwa pakapita miyezi ingapo, ndipo adzatero kwa zaka, chifukwa khansa imeneyi imatha kubwerera pafupi ndi chipsera kapena mu anabere. Ulendo uliwonse adokotala amayang'ana mapazi onse, kupapasa m'mphechepeche, ndipo anawaphunzitsa kudzipapasa okha posamba. Kiliniki inalonjeza kuti izitikumbutsa pa SMS, koma uthenga wa tsiku lokaonedwa sunabwerepo, wa bilu okha ndi umene suphonya, ndiye masikuwo ndinawalemba pa kalendala ya ku saluni.

Malume akuganiza zobwerera ku Nkhotakota chaka chamawa. Ndinapempha makope a mapepala onse a labotale, lipoti la opaleshoni ndi zithunzi za pa kompyuta zija, kuti akadzapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre dokotala asadzayambire pa ziro. Adokotala anawonjezera kalata yawo yofotokoza kuya kwa 1.6, kukula kwa khungu limene linachotsedwa ndi zotsatira za mwanabere, osalipiritsa. Pa resepishoni anatilipiritsa ndalama ya fotokope pa tsamba lililonse.